Indiketa ya Thiraki ya ku Kazungula

A Misheck anayamba kuyendetsa takisi mu Livingstone mwana wawo Keziah asanamere mano. Chaka chino maso awo anachita ng'ala, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Keziah anali nayo kale laisensi, makiyi okha ndiwo sankachoka m'thumba la bambo ake. Mtsikanayo ankaopa kuti tsiku lina adzamva zoti agunda munthu.

Loweruka lina anawanyengerera kuti amuyese kuyendetsa mpaka ku Simonga. Analola monyinyirika. Anakhala pambali pake nkhope ili gwa, phazi likuponda buleki pomwe panalibe buleki.

Atatuluka m'tauni anapeza thiraki yopita ku Kazungula ikukwawa. Keziah atati aipitirire, indiketa ya thirakiyo inayamba kuphethira.

"Batate, uyu afuna kukhota? Kulibe njila apa."

"Yayaka ya kuti?"

Keziah anawacheukira. Nyaliyo inali pamphuno pawo penipeni.

"Ya ku raiti," anayankha motsitsa mawu.

"Bwelela! Akuuza ati kutsogolo kubwela motoka."

Atangobwerera, basi yaikulu inadutsa, takisi yonse n'kugwedezeka. Patapita kanthawi indiketa ina inayaka, ndipo sanadikire kuti afunsidwe.

"Manje ni ya ku lefiti, batate."

"Pita, wakupasa njila. Ukapitilila, yasha mahazadi. Ndiye zikomo yathu pa mseu. Ivi ku sukulu sibaphunzisa."

Keziah anayatsa maindiketa onse pamodzi. Pa galasi anaona woyendetsa thiraki akuthwanimitsa nyali, ndipo anawauza bambo ake kuti wayankha. A Misheck anaseka mpaka kutsokomola. Keziah anawamvera chisoni kwambiri, koma za maso sanazitchule.

Ku Simonga anaimika galimoto pansi pa mtengo, nazimitsa, n'kuwapatsira makiyi. Iwo sanalandire. Anafufuza dzanja lake, n'kumupinda zala pamwamba pa makiyiwo.

"Ija indiketa sininaione, mwana wanga. Olo pang'ono."

"Niziba, batate."

"Ba mai bako nizabauza neka." Anapukuta m'maso ndi chipewa, natsegula chitseko, n'kukakhala mpando wakumbuyo. "Tiye, ba dilaiva. Ine ndine kasitoma wako woyamba, osanigwesa."