Kyutekisi Wofiira pa Mavalavu

Mlungu wonse uja pa Chitakale panali mphekesera imodzi yokha: akuti a Doris okonza matayala aja anafuna kupha Ronald. Amayi ogulitsa nanazi ankanong'onezana, akabaza ankauzana pa siteji, mpaka nkhaniyo inakwera minibasi n'kukatsikira ku Likhubula. Akuti anamuphwetsera dala matayala kuti akagubuduzike, chifukwa mnyamatayo anasiya Sharon, mng'ono wawo, n'kukatomera mtsikana wa ku Blantyre. Bodza lamkunkhuniza, koma linathamanga kuposa galimoto yomwe ankaikambayo.

Zinayamba chonchi. Ronald ndi mwana wa manijala wa esiteti ina ya tiyi, ndipo ali ndi kagalimoto kofiira kolira ngati chigayo. Iye ndi anzake olemerawo anapangana zoti Loweruka lina akathamangitse magalimoto pa bwalo lakale la ndege la ku esitetiko. Anayala matayala akutha ndi migolo kuti apange makona. Panalibe chikho, panalibe mphoto, kunali kungozungulira basi, aliyense aone mphamvu ya galimoto yake. Anthu okhuta ali ndi masewera awo, inu.

M'mawa wa tsikulo Ronald anaima pamalo pa a Doris, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji. Tsono a Doris si munthu wongopopa chipopepope. Anakhala ku Joni zaka zisanu, akugwira ntchito pa shopu ya matayala pamene pankabwera anthu othamangitsa magalimoto, ndiye za mpweya amazidziwa ngati njira ya kwawo. Anamuuza adikire kaye matayala azizire. Kenako anatenga geji yawo yoyezera mpweya, n'kutsitsa tayala lililonse kuchoka pa 32 kufika pa 28.

Anamufotokozera bwinobwino, ngati mwana wa sitandade wani. Tayala likamathamanga pa tala wotentha, uku likukhota mwamphamvu, mpweya wa m'kati umatentha n'kukwera wokha. Ukayamba ndi 28, pozungulira kasanu umapeza wafika pamene pakufunika. Koma ukayamba ndi tayala lolimba kale, limatupa pakati, limaponda msewu ndi kamzere kochepa, ndipo pa kona galimoto imangoterereka. Anamubwereka kageji kakang'ono kuti akazungulira kasanu aime, ayeze matayala akadali otentha, ndipo akapitirira 34 atulutseko pang'ono. Za Sharon sanazitchule n'komwe. Ntchito ndi ntchito.

Pomaliza anachita zomwe amachita pa galimoto iliyonse. Anatulutsa kabotolo ka kyutekisi wofiira wopaka zikhadabo m'thumba la ovololo, n'kudontheza kadontho pamene kachitsekero kakumana ndi valavu. Anthu amawaseka kuti a Doris amaphoda matayala. Iwo amangoti ndi siginecha yawo.

Masana a tsikulo, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, Ronald anazungulira kawiri. Ulendo wachitatu galimoto inakana kukhota. Inadutsa migolo, inalowa m'munda wa tiyi, n'kukagona chammbali m'ngalande. Mwamwayi anangothyoka mkono.

Amene anayamba kuyankhula ndi Pilato, kondakitala wa minibasi, yemwe amatsatira Ronald paliponse ngati ntchentche pa chilonda. Ronald asanafike n'komwe kuchipatala, Pilato anali atatumiza kale mawu pa WhatsApp kuti anaona ndi maso ake matayala ali ophwa, ndipo mayi uja ali ndi mangawa ndi banja la bwana. Pofika Lolemba akabaza anasiya kupopetsa kwa a Doris. Madalaivala a minibasi ankadutsa atayang'ana kumbali. Kompuresa yawo yopopera matayala inakhala chete masiku atatu. Ndiye Lachitatu kunabwera a Samueli, tcheyamani wa komiti ya msika, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti anthu akudandaula, choncho pofika Lachisanu a Doris akhale atachotsa katundu wawo pansi pa mangopo.

Malo amenewo a Doris anawalambula okha. Panali dzala, iwo n'kuchotsa zinyalala ndi wilibala, n'kuthira miyala kuti pasamachite matope nthawi ya chiperoni. Ana awo awiri amadya za pamenepo. Ndiye Pilato, munthu woyeza tayala ndi chidendene, awachotse ndi pakamwa? Mtima unawawira ngati madzi a tiyi. Chomwe chinawapweteka kwambiri si Pilato ayi, koma Ronald, amene anamva malangizo onse ndi makutu ake, n'kukhala duu anthu akuwadya miseche.

Lachinayi m'mawa anamva kuti galimoto ija yabwera pa lole, aitsitsira kuseri kwa galaja ina pomwepo pa Chitakale, ndipo mwini wake ali konko kukaona mmene yaphwanyikira. A Doris anatenga geji, anadzera kwa a Samueli n'kuwauza kuti munthu saweruzidwa asanamveke, ndiye anyamuke. Amayi a nanazi ataona mayendedwe awo anasiya mabeseni n'kulondola. Akabaza nawonso. Pofika pa galaja panali chigulu ngati pa msonkhano.

Ronald anali atatsamira khoma, mkono uli m'pulasitala. Pilato anali pambali pake akudya chimanga chootcha. Atawaona anaseka, n'kufunsa ngati abwera kudzamalizitsa ntchito yawo.

A Doris analunjika pa galimoto. Tayala limodzi lakutsogolo linali litaphulika pa ngoziyo, koma atatu anali bwinobwino. Anagwada pa lakumbuyo n'kuitana a Samueli kuti aone kachitsekero. Kyutekisi uja anali atasweka, theka pa kachitsekero, theka pa valavu, osayang'anizana. Matayala onse chimodzimodzi. Kenako analowetsa geji, n'kuwapatsa a Samueli kuti awerenge okha mokweza.

A Samueli anavala magalasi. Anawerenga 42. Tayala lachiwiri 41. Lachitatu 42.

"Ankolo," anatero a Doris, "ine ndinasiya 28, ndipo ndinamata. Galimoto itachoka kwa ine, wina anamatula. Munthu wotulutsa mpweya safikitsa 42. Awa ndi matayala ozizira, agona masiku asanu. Nanga padzuwa paja anali pati?"

Pilato anayamba zoti geji ya mayiyu ndi yonama, ya ku Joni, mwina ndi yokhwimira. Mwini galaja anabweretsa yake. Inanena zomwezo. Anthu anayamba kung'ung'udza, maso onse pa Ronald. A Doris anatsegula chitseko chopindika cha galimotoyo, n'kupeza kageji kawo kali m'kabokosi ka kutsogolo, kakadali m'pepala momwe anakakulungira.

"Achimwene, ndinakuuzani chiyani pansi pa mango paja? Nenani pano, anthu amve."

Ronald anayang'ana nsapato zake. Kenako anayankhula motsitsa, moti akumbuyo ankafunsana kuti wati chiyani. Anati atafika pa bwalo paja, Pilato anamenya tayala ndi phazi n'kunena kuti ndi lofewa ngati mkate, mayi uja wamupusitsa. Galimoto yothamanga imafuna tayala lolimba ngati mwala, monga amachitira pa minibasi akadzaza anthu ndi matumba. Anabwereka kapampu kwa mnzawo wina n'kupopa onse anayi mpaka phazi la Pilato linakhutira.

Pilato anati iye ankangothandiza. Chimanga chija anachitaya, n'kuzemba pakati pa anthu ngati wamva minibasi yake ikuitana.

Mukuganiza kuti panali wopepesa? A Samueli anangopukuta magalasi n'kunena kuti basi nkhani yatha, mayi apitirize ntchito pamalo pawo, ngati kuti akuwachitira chifundo. Ronald anakwera galimoto ya bambo ake osatembenuka. Mawu a Pilato aja anazungulira mafoni onse a m'boma la Mulanje, koma za 42 palibe anazitumiza. Mpaka lero ku Likhubula kuli anthu amene amati utsi sufuka popanda moto.

Komabe Lachisanu kompuresa inalira pansi pa mango. Akabaza anabwerera mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti anali ku maliro kumudzi. A Doris ankawapopera nsagwada zili gwa, n'kumadontheza kyutekisi wawo.

Tsono mverani izi. Lachiwiri lotsatira, minibasi ina inaphulitsa tayala pa siteji pomwepo, anthu ali odzaza, ena akuthamangira kuchipatala ku boma. Wokonza matayala wina anali atapita ku ukwati ku Phalombe. Ndani anatsika, akugubuduza tayala kulunjika pa mango? Pilato yemweyo, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati palibe chinachitika, eti "achemwali anga, tithandizeni mwachangu."

A Doris anayang'ana tayalalo, anayang'ana anthu ali m'minibasi akudzikupiza ndi zitenje, kenako anayang'ana phazi lija loyezera mpweya. Chitsulo chomasulira chinali m'manja mwawo.

Mukanakhala inu, mukanalimata tayala la Pilato?