Tenti ya Banja

Mwanayo anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, akulemera kilogalamu imodzi ndi theka. Anamwino anamutcha Kafulumira, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba. Tsopano anali ndi miyezi isanu ndi umodzi, masaya atatuluka, adokotala atanena kale kuti palibenso chodetsa nkhawa. Koma mayi wake, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala asanapite kutchuthi, anali asanalolepo munthu wina kumunyamula kupatula mwamuna wake, nayenso ayambe wasamba m'manja. Apongozi ake anabwera kudzaona mdzukulu, anamuonera kumsana kwa mayi wake, n'kubwerera manja ali m'khosi.

Zokagona kutchire anayambitsa ndi mwamunayo, yemwe ankakonza mafiriji. Anati mkazi wake akufota chifukwa chokhala m'nyumba, ndipo anatchula malo ena kumene mabanja amakamanga matenti kumapeto kwa sabata, kuli mpopi, zimbudzi ndi mlonda pageti. Mkaziyo anayamba wafunsa ngati kuli chipatala pafupi. Kenako anavomera, koma anaika lamulo limodzi: mwana agone mu tenti yotseka bwino, mosalowa mphepo kapena udzudzu.

Mwamunayo anati imeneyo si nkhani, popeza achimwene a mkaziyo ankabwereketsa matenti. Anawaimbira foni kuti akufuna tenti ya banja, yabwino kwambiri. Chikwama chinafika Lachisanu, chachitali ndiponso cholemera, ndipo anachiponya kumbuyo kwa pikapu yake osachitsegula.

Anafika Loweruka masana. Malowo anali pakati pa mitengo ya paini, udzu utatchetchedwa, timatenti tobiriwira ndi tabuluu titamwazikana uku ndi uku. Mwamunayo anatsegula chikwama akuimba mluzu. Munatuluka mizati yachitsulo, chinsalu chachikulu choyera, nsalu zokongoletsera zapinki ndi thumba la maluwa apulasitiki. Mluzu unathera pomwepo. Inali tenti ya pa ukwati, denga lokha pa mizati, yopanda makoma.

Anaimbira mlamu wake, foni ikumveka kwa onse awiri.

"Si munati ya banja, alamu?" anatero achimwenewo. "Ine ndimayesa mng'ono wanu uja waganiza zokwatira. Ndinangodabwa kuti mipando simunapemphe."

Mkaziyo sanaseke. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kuda, n'kunena kuti abwerere. Mwamunayo anamukumbutsa modekha kuti msewu wadothi umene anadzera umaterera kukagwa mvula, komanso matiresi ndi mabulangete zinali pambalambanda kumbuyo kwa galimoto.

Pafupi nawo panali mayi wina wonenepa, wachikulire, atakhala pa mpando wopinda, mwendo umodzi atautambasula, bondo litamangidwa bandeji. Anali atamva zonse ndipo sanabise. Anawakodola n'kuwauza kuti tenti yawo imatseka ndi zipi ndipo ili ndi neti, koma denga lake limadontha ngati sefa. Ngati chinsalu cha ukwaticho chingaimikidwe, tenti yawo ikokeredwe pansi pake. Akazi ndi mwana agona m'kati, amuna agona kunja kwake pansi pa dengalo, aone zimene anayambitsa. Amuna a mayiwo, bambo woonda wachete, anavomera ndi mutu.

Mayi wa Kafulumira anaona kuti nzeruyo inali yabwino, koma anaonanso pamene inkalowera. Denga lotere silinkaima ndi anthu awiri. Pankafunika wachitatu wogwira mzati, ndipo mayi wa bondoyo sakanatha kuimirira nthawi yaitali. Kugwira chitsulo chogwedezeka ndi mphepo mwana ali kumsana, ayi. Kumusiya yekha m'galimoto, ayinso.

"Bweretsani kuno abwanawo," anatero mayiwo akutambasula manja.

"Mwalerapo ana angati, mayi?" anafunsa mayi wa Kafulumira.

"Ngakhale mmodzi, mwanangu. Sindinapatsidwe. Koma ndagulitsa mazira moyo wanga wonse, ndipo thireyi sindinagwetsepo."

Bambo wa Kafulumira anayang'ana kumbali. Ankadziwa kuti akayankhulapo aononga zinthu. Mphepo inabweretsa fungo la mvula. Mkaziyo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala opaka m'manja, akuyembekeza kuti mayiwo akhumudwa monga anachitira ena onse. Iwo anangotchera zikhatho, anapaka mpaka m'zigongono, n'kufunsa ngati kumaso kukufunikanso.

Mayi wa Kafulumira anamasula nsalu yoberekera mwana. Anafotokoza kuti mutu ukhale apa, kuti chipewa chisavulidwe, kuti akatsokomola amuitane. Mayiwo anamvetsera zonse osamudula. Mwanayo atachoka, kumsana kwake kunazizira pamalo pamene panali thukuta.

Mzati umene anamupatsa unali wa mbali yakutali, ndipo kuti augwire bwino anayenera kufulatira mpando wopinda uja. Mwamuna wake ankalumikiza zitsulo, bambo woondayo akukhoma zikhomo ndi mwala. Chinsalu chitakwera theka, mphepo inalowa pansi pake n'kuchitukumula, ndipo nthawi yomweyo Kafulumira analira. Manja a mayi wake anayamba kufooka pa chitsulocho.

"Gwirani, amayi a mwana," anatero mwamuna wake chapansipansi. "Mukasiya, chitigwera tonse."

Anagwira. Kumbuyo kwake anamva mayi aja akutetera ngati nkhuku yoikira, mosachita manyazi, mokweza moti ana a m'matenti ena anasuzumira. Kulira kunaduka. Kunabwera kachetechete amene sanamukonde, kenako phokoso lina, lokhala ngati kutsamwa. Anatembenuza khosi. Mwana wake anali atagwira mphuno ya mayiwo, akuseka.

Mvula inayamba akumanga chingwe chomaliza. Anathamangitsira matiresi pansi pa denga, anakokera tenti yaing'ono pakati, ndipo amuna awiriwo ananyamula mayi wa bondoyo ndi mpando womwe, mwana ali pachifuwa. Madzi ankatsika m'mbali mwa chinsalu choyera koma pakati panali pouma. Mwamunayo anati popeza zokongoletsera zinabwera, zigwire ntchito, n'kuyamba kukulunga nsalu yapinki pa mzati. Bambo woondayo, amene anali asanayankhule chifikireni, anafunsa ngati akwati afika nthawi yomweyo kapena alendo ayambe adya. Mkaziyo anaseka, ndipo anadabwa kumva mawu ake omwe.

Analowa mu tenti yaing'onoyo, anayesa zipi kawiri, anayendetsa chala m'mphepete mwa neti kufunafuna chibowo. Sanachipeze. Potuluka anapeza mwamuna wake atawiritsa madzi pa kambaula ka gasi, ndipo Kafulumira atagona, tsaya litatsamira pa phewa la mayiwo, dovu litanyowetsa bulauzi yawo.

"Katundu wanu nayu, sanasweke," anatero mayiwo.

Anamusuntha pang'ono ngati akumupereka, koma dzanja lawo linali likadali pamsana pa mwanayo, likusisita pang'onopang'ono. Mayi wa Kafulumira analiona dzanjalo. Anaonanso mmene bambo woondayo ankayang'anira akazi ake, kapu ili m'manja osamwa. Mawu othokoza amene anali atakonza anamuchepera.

"Ngati sakukulemerani, akhale kaye pomwepo, mayi," anatero. "Ndiyambe ndamwa tiyi."

Anakhala pa matiresi, analandira kapu ndi manja awiri, n'kumwa tiyiyo akadali wotentha.