Mthunzi wa Mvunguti

Ufulu utangobwera, boma linatumiza galimoto yatsopano kuchipatala cha ku Nsefu, ndipo makiyi anapatsa Morgan, dalaivala wobwera dzana lomweli kuchokera kutauni. Enos, amene anakalambira m'matope a m'chigwa muno, anamusiyira chigalimoto chake chakale, chija ana ankachitcha Chipembere.

Zinamuwawa Enos. Anesi a Monde, amene kale ankakhala pambali pake popita kumidzi, tsopano ankakwera yonyezimirayo. Kenaka Morgan analanda ndi malo oimikapo, pansi pa mtengo wa mvunguti.

"Achimwene, Chipembere chanu chazolowera dzuwa," anatero Morgan akupukuta galasi. "Yangayi utoto ungasuwe."

Enos anayang'ana m'mwamba, pomwe zipatso zolemera ngati minsi zinali lendelende. Zakhala zikugwera Chipembere zaka zonsezi, chitsulo chake osabwanyuka n'komwe. Anagogoda chitseko cha yatsopanoyo ndi chala, chinalira ngati chitini cha palafini.

"Imikani, bwana," anayankha, mtima ukuseka.

Masana mvunguti umodzi unathothoka. Denga la yatsopanoyo linalowa m'kati ngati mbale, galasi lakutsogolo n'kusweka. Enos anathamangira kukaliza Chipembere, n'kutsegulira a Monde chitseko, mpando ataupukuta kale ndi chipewa.

A Monde anayang'ana mpando wong'ambikawo, anayang'ananso diresi lawo loyera.

"Zikomo, a Enos. Morgan, sesa magalasiwo tizipita, odwala akudikira."

Enos anatsala ali chigwirire chitseko, injini ya Chipembere ikulira bwinobwino.