Sukulu Yonenepetsa ndi Sukulu Yowondetsa

Chaka chimene anamwalira alamu anga a Salome ndi chomwecho Jonas, mwana wawo, anaitanidwa ndi masukulu awiri a udokotala, ina ku Uganda, ina ku Joni. Tinali tisanamete n'komwe. Abusa a kumishoni, omwe anamupezera malowo, ankafuna yankho mwezi usanathe, apo ayi malo apatsa wina, Jonas akalowe ukalaliki pa fakitale ya tiyi mpaka imvi.

Atate ake, achimwene anga a Edson, anali atasiya kuyankhula. Akaweruka ku ukapitawo ankangokhala pakhonde, maso pa phazi. Jonas nayenso chimodzimodzi. Ndikamufunsa kumene akufuna, ankangoti, "Kulikonse, azakhali."

Ine sukulu ndinalekera pa A ndi B, C ndinangomuonera pawindo. Koma kuyesa zinthu ndimadziwa, ndakalambira pa sikelo ya masamba. Tsono ndinamva kuti anyamata awiri a pa esiteti pathu, ophunzira m'masukulu omwewo, abwera ku tchuthi: Douglas wa ku Joni, wonenepa mpaka khosi kusowa, ndi Stewart wa ku Uganda, woonda ngati mpini. Ndinati basi, nkhani yatha. Sukulu yovuta imadya munthu, yosavuta munthu amaidya.

Loweruka anthu atatha kuyesetsa madengu, ndinawakokera onse awiri ku shedi. Achimwene ndi Jonas ndinachita kuwakankha. Sikelo yathu inali yokoleka ija, munthu ugwire mbedza n'kupinda miyendo.

"Mayi, mundichititsa manyazi," anatero Douglas.

"Manyazi salemera, bambo. Lendewerani."

Muvi unazungulira mpaka kunjenjemera. Atalendewera Stewart, muvi unachita ngati sunamve kuti kwabwera munthu. Amayi othyola tiyi anafa nazo nseko. Ndinacheuka kuti ndione achimwene. Nkhope inali yomwe ija ya pakhonde.

"Ndiye ku Joni," ndinatero. "Mwana wamasiye asakatiwondere kutali."

Stewart anapukuta manja pa buluku lake. "Si mabuku andiwondetsa, mayi. Mabuku ndi ovuta konsekonse, ophunzira ena amabwezedwa kwawo. Koma chaka chino, choyamba chomwechi, atilowetsa m'chipinda cha mitembo. Timaidula, kuti tidziwe m'kati mwa munthu. Nyama ndinasiya kudya."

"Nanga inu a Chikhosi?"

Douglas anayang'ana kumbali. "Ife amayamba atikonzekeretsa kaye. Chipindacho ndilowa chaka chamawa."

"Ohoo, mafutawa ndi obwereka!"

Panalibe anaseka. Apo mpamene achimwene anatsegula pakamwa, koyamba chichokereni kumanda.

"Uyu ali mwana ankathawa nkhuku ikamaphedwa. Sangathe. Akhale."

Jonas anaima ngati akunena za mwana wa eni.

Pa esiteti anthu tinachokera kosiyanasiyana, ndiye maliro akagwa kumakomboni timasambitsirana. Ine ndine mmodzi wa adzukulu, ndipo amandikonda chifukwa ndimatukwana wakufayo mpaka ofedwa aseke. Sabata yotsatira inamwalira nkhalamba ina yolondera ku nazale, yochokera ku Pwitikizi, yopanda mbale. Wamwamuna amasambitsidwa ndi amuna, koma a Fackson, mdzukulu mnzanga, anali okha. Ndinakamutenga Jonas.

"A Marita, mwana wa sukulu, wofedwa dzulodzuloli?" anatero a Fackson. "Mwapenga?"

"Ndinapenga kale, achimwene. Mpatseni nsanza."

Ndinakhala pakhomo ndi ndowa, kudikira kuti atuluke akusanza. Ndinali nditakonzeratu ndi mawu omuseka. Ndinkangomva madzi akudontha, ndi a Fackson akuti tembenuza, gwira apa, kweza mkono. Ndinakuwira m'katimo kuti, "Agogo, lero mwasamba ndi sopo, zimene munkakana muli moyo!" A Fackson anaseka pang'ono. Jonas ayi.

Atandiitana ndinapeza nkhalamba ija itagona bwinobwino, maso otseka, chibwano chomangidwa ndi kansalu, mfundo yake yowongoka pamwamba pa mutu.

"Wamanga yekha," anatero a Fackson.

Panja ndinamuthirira madzi a mankhwala m'manja, monga timachitira tikagwira maliro.

"Wamva bwanji, mwanawe?"

"Palibe chimene ndamva."

"Ngakhale mantha?"

"Ayi. Kuzizira kokha." Anayang'ana zala zake. "Amayi anawamanganso chonchi?"

"Eya. Koma anawamangawo anapotoza mfundo, amayi ako anapita ngati avala duku la ku ukwati."

Anangogwedeza mutu. Ndinafuna alire, kapena anditukwane. Tinayenda m'mizere ya tiyi, iye patsogolo, ine ndi ndowa pambuyo.

Achimwene tinawapeza pakhonde. Nkhani inali itafika kale, pa esiteti mawu amathamanga kuposa thirakitala.

"Wagwira?" anafunsa.

"Ndagwira, bambo."

"Ndiye?"

"Ku Uganda. Ku Joni akandidikiritsa chaka. Bola ndikalowe m'chipinda cha mitembo chija panopa, ndisanayambe kumva."

Achimwene anamuyang'ana. Kenaka anayang'ana ine, ngati ndine ndawabera. Analowa m'nyumba, natuluka ndi jekete lawo la kutchalitchi.

"Ukawauze abusa mawa. Usakapite ndi malaya amenewo."

Jonas anavala. Manja a jekete anamuthera pamwamba pa mfundo za mikono. Pamenepo panali poseka, ndipo mawu ndinali nawo pakamwa. Ndinawameza, n'kupita kuseri kukatsuka ndowa.