Chimene chinkadya moto m'kalavani ya Mayi Chirwa

Aka kanali kachitatu Mackford, wokonza magetsi a galimoto, kuyenda wapansi kuchokera kumsika mpaka ku Chikale chifukwa cha batire imodzi yomweyo. Mayi Flora Chirwa, namwino wopuma pantchito, ankasunga mankhwala awo a shuga m'kafiriji ka m'kalavani imene malemu amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Sola inkadzaza batire tsiku lonse, koma pofika m'mawa kafirijiko kankapezeka katazima.

"Ndatopa nazo, ada Mackford," anatero mayiwo. "Batire mwasintha, sola mwapukuta. Kwatsalanso chiyani?"

Mackford anazimitsa zonse, nalumikiza mita yake ku batire. Singano inaonetsa kuti moto ukutulukabe. Anagwada m'kalavani yotenthayo, thukuta lili kamukamu, nayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi. Anawazula onse, koma singano sinatsike.

Kenaka anaona kawaya kofiira kongomangidwa pamutu pa batire, kosadzera pafyuzi. Anakalondola mpaka kunsi kwa bedi. Kumeneko kunali wailesi yakale ya m'galimoto yopanda sipika, koma atayigwira inali yofunda.

"Ikudya moto ndi iyi, ama. Ndidule?"

Mayiwo anakhala pakhomo. "Analumikiza ndi malemu aja, kuti azimvera mpira. Ine ndinkayesa inafa kalekale."



"Dulani," anatero mayiwo. "Koma musayichotse pamenepo."

Mackford anadula kawayako, singano n'kugwa. Anamata tepi kunsonga kwake, nakankhira wailesiyo pamalo pake, kenaka anapempha madzi akumwa.