Mzere wa Malemu

Amene anayambitsa zoti akayezetse magazi asanakwatirane anali telala mwini wake. Kalipentala anangoseka. "Pa msinkhu wathu uno, mayi? Koma tiyeni, ine ndilibe chobisa." Nayenso telala analibe chobisa. Chimwalirireni mwamuna wake zaka zambiri zapitazo, panalibe mwamuna amene anamugwirapo ngakhale chala.

Malemuwo anali wometa, ndipo nsanje yawo inali yosasimbika. Bambo aliyense akabwera kudzayesa thalauza kwa telalayo, iwo ankasiya mutu wa munthu uli theka n'kudzaima pakhomo lumo lili m'manja. Tsiku limene ankatsirizika sananene za ana kapena za nyumba. Anangofinya dzanja la mkazi wawo n'kuti, "Ine sindikusiya." Anamalira anati chikondi chake ndi chimenecho. Telala yekha ndiye ankadziwa kuti linali chenjezo.

Kuchipatala benchi linali lodzaza, ena ataimirira, koma kumanzere kwa telala kunatsala kampata kokwana munthu mmodzi. Mayi wina woyembekezera anafika, anakayang'ana kampatako, n'kukatsamira khoma.

Atalowa awiriwo, namwino anapukuta chala cha telala ndi thonje. Fungo la spiriti linamulowa m'mphuno. Umu ndi mmene ankamvekera manja a malemu akaweruka, atatha kupukuta malumo ndi makosi a anthu. Mantha anamugwira, anacheuka kuchitseko. Kunalibe munthu.

Tizipangizo tiwiri toyezera tinagonekedwa patebulo. Ka kalipentala kanatulutsa mzere umodzi. Ka telala kanatulutsa umodzi, kenako pang'onopang'ono, ngati munthu amene akubwera chapatali, wachiwiri unayamba kuoneka.

"Ndi chindoko, mayi," anatero namwino motsitsa mawu.

"Ine? Chichokera kuti? Chiikireni maliro a amuna anga ine sindinayendepo."

"Chimatha kubisala m'magazi zaka ndi zaka, munthu osamva kupweteka paliponse. Mwina anakusiyirani ndi bambo aja. Musade nkhawa, jakisoni amachiza."

Kalipentala anapotokola chipewa chake kwa nthawi ndithu. Sanali munthu woipa, kungoti anazolowera matabwa, amene ukawapala banga limachoka.

"Palibe vuto," anatero. "Abayitse. Tidzabweranso, mzerewo ukadzafufutika tidzamanga ukwati."

Namwino anapukusa mutu. "Matendawa atha, bambo, ndipo pali kuyeza kwina kotsimikizira kuti achira. Koma pa kachipangizo aka mzerewu sufufutika. Uzidzaoneka moyo wawo wonse."

"Moyo wonse?"

"Moyo wonse. Koma sikuti akhala akudwala ayi."

Mawu omalizawo kalipentala sanawamve n'komwe. Ankayang'ana mzere uja monga mmene munthu amayang'anira nsapato za mwamuna mnzake pakhomo. Kenako anavala chipewa.

"Ndikaone njinga panja, mayi. Ndinaisiya yosakhoma."

Telala anabayitsa jakisoni wake, natuluka chotsimphina. Pamene panali njinga panangotsala mzere wa matayala pamchenga. Anabwerera pabenchi kukadikira, poti mwina munthu wangopita kukagula madzi. Pamalo pa kalipentala panali patakhala kale mlendo. Kampata ka kumanzere kanali kakadalipo.

Dzuwa linafika paliwombo, anthu anachepa, fungo lija silinachoke pachala.

"Mwakondwa tsopano?" ananong'ona telala, osatembenuka.

Benchi linalira pang'ono, ngati munthu akukhazikika bwino.