Mabawuti Opanda Utoto

Mayi a Mapasa anaimika Chipembere pamwamba pa dzenje la m'galaja mosaphonya. Chipembere linali dzina la galimoto ya amuna awo, yakalekale, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo chiyigulireni inali isanagwidwepo ndi makaniko wina kupatula mwini wakeyo. Tsikuli mayiwo anachita kuyiba. Amuna awo anawasiya akuwodzera pakhonde, atawanamiza kuti akupita kukagula mankhwala.

Mwini galajayo, Manzere, anatuluka akupukuta m'manja ndi sanza. Dzinali anam'patsa ndi amuna awo omwewo, kale pamene anabwera kudzaphunzira ntchito akugwira sipanala ndi dzanja lamanzere. Tsopano anali ndi imvi zake ndi mimba yake, koma kwa Mayi a Mapasa anali akadali mwana uja ankatha shuga wa m'nyumba mwawo pa kapu imodzi ya tiyi. Anasuzumira m'galimotomo kufuna kuona bwana wake wakaleyo, amene ankawatcha Madala, napeza mpando uli wokha.

"Amayi, Madala akudziwa kuti Chipembere chili kuno?"

"Ukufuna ukwati undithere ndakalamba kale?" anayankha mayiwo. Onse awiri anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

Anamufotokozera chimene anabwerera ataimirira. Mmodzi wa mapasa awo, wamkaziyo, anali atachira mwana wamwamuna kuseri kwa mapiri, kumene msewu wake umaterera ngati sopo mvula ikagwa. Ulendo wokaona mdzukulu unali wa mawa lake. Madala anakhala kunsi kwa galimoto sabata yonse akusintha maoyilo, monga ankachitira ulendo uliwonse wautali, koma chitulukireni kunsiko, kumbuyo kwa galimoto kunayamba kulira, ndipo buleki inkamira ngati ukuponda siponji. Mayiwo anapempha Manzere kuti aone oyilo aliyense ndi madzi omwe, anene chofunika kusintha ndi chofunika kusiya.

Chimene sananene n'chakuti mutu wa amuna awo unali utayamba kutaya zinthu. Chakudza sichiyimba ng'oma. Zinayamba ndi makiyi opezeka m'thumba la mchere, kenako kuwaitana iwo ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina anawapeza ataima pakati pa bwalo, jeke ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo wosowa khomo. Mayi a Mapasa zonsezi ankazikwirira. Ana akaimba foni ankawauza kuti bambo awo ali bwinobwino, kungoti kutopa. Ankaopa chinthu chimodzi: tsiku limene adzayenera kuuza munthu amene anadyetsa banja lonse ndi sipanala kuti manja ake sakudalirikanso, ndi kumulanda makiyi.

Manzere anayamba ndi injini. Anasolola kachitsulo koyezera, nafikisa oyiloyo pakati pa zala, kenako n'kumununkhiza, ndendende mmene Madala ankachitira. Anati ameneyo ndi watsopano, asakhudzidwe. Madzi a m'rediyeta analinso abwino. Atatsikira m'dzenje ndi tochi, anaitana mayiwo kuti agwade m'mphepete aone. Pa bawuti yotulutsira oyilo panali kadontho ka utoto wachikasu, konyezimira. Mayiwo ankakadziwa bwino kadonthoko. Madala akathira oyilo, n'kumanga bawuti, n'kutsimikiza kuti zonse zili m'malo, ankadontheza utoto wachikasu pamutu pa bawutiyo. Anthu ena amasayina ndi cholembera, iwo ankasayina choncho, ndipo malaya awo onse, ngakhale opita nawo ku maukwati, anali ndi timadontho tachikasu kumikono.

Oyilo wa giyabokosi anali wakale, woderako koma wosanunkha kupsa. Manzere anati lamulo la Madala linali lakuti giyabokosi yokalamba suitsuka m'mimba ulendo uli pafupi, chifukwa ukaidzidzimutsa imayamba kukumbukira matenda ake onse. Anausiya. Kabokosi kapakati, kogawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, kanali kodzaza bwino, kadontho kake kali pompo. Difu ya kutsogolo, chibulunga cha magiya chokhala pakati pa matayala awiri, chimodzimodzi. Mtima wa Mayi a Mapasa unayamba kutsika. Anadziuza kuti mwina makutu awo ndi amene akalamba, ndipo ankakonza kale mawu odzatonzera nawo amuna awo za ulendo wakubawu zaka zikadzapita.

Ku difu ya kumbuyo Manzere anakhalitsa. Anamasula bawuti yothirira, napisa chala m'kabowoko mpaka chonse chinalowa. Chinatuluka chouma. Oyilo wakale anali atakhuthulidwa, bawuti n'kumangidwa mwamphamvu, koma watsopano sanathiridwe. Atatuluka m'dzenjemo anatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki pansi pa boneti, naviikamo kansalu koyera. Kanatuluka kofiira. Anali mafuta a chiwongolero, amene amatupitsa timaraba ta mabuleki mpaka tsiku lina buleki imangopita pansi osagwira kanthu.

"Potsika phiri loyamba lija, Amayi..." anayamba Manzere, koma sanamalize.

Mayiwo anakhala pansi pa tayala lakutha lomwe linali pambali. Sanalire mokweza. Misozi inangotsika yokha, iwo akuyang'ana galimotoyo, imene amuna awo anaitsuka dzulo lake mpaka kunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anamva chisoni chachikulu, ndipo anamvanso manyazi m'malo mwa amuna awo, poti zimenezi zaonedwa ndi mwana amene anamuphunzitsa okha kusiyanitsa maoyilo ndi mphuno.

Manzere naye maso anali atafiira. Anasiya galimoto zina zonse, nagwira ntchitoyo yekha masana onse. Anathira oyilo mu difu, anakhuthula mafuta ofiira aja, anatsuka mapaipi ndi kusintha timaraba tonse. Mayi a Mapasa anakhala pa chiwongolero akupopa buleki iye akawauza, monga ankathandizira amuna awo ali achitsikana, mapasa ali kumsana ndi kumanja. Pomaliza Manzere anawauza kuti pa malo awiriwo, pa bawuti ya difu ndi pa chivindikiro cha kabotolo, Madala sanadonthezepo utoto.

Mayiwo anati kumeneko n'kuiwala komweko, ndipo anapempha utoto wachikasu. Amuna awo akadzalowa kunsi mawa n'kupeza timadontho tonse tili m'malo, adzakhulupirira kuti ntchito anaimaliza okha, ndipo palibe amene adzafunika kuuzidwa kanthu. Manzere anakanda m'mutu. Anati iye sangasayinire Madala, anawonjezeranso chapansipansi kuti galu wamkota sakandira pachabe. Mayiwo sanamumvere. Anatenga kaburashi, anakwinya diresi lawo, natsikira okha m'dzenjemo.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kunamizira mzere wa kogulitsa mankhwala. Madala anangogwedeza mutu.

M'mawa mwake Madala anadzuka ali bwino. Linali limodzi la masiku aja amene mutu wawo unkayera, n'kumakumbukira ngakhale nthabwala zakale. Anavala malaya oyera, koma asanakweze zikwama anatenga katoni yawo yogonera, naiyala pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Mayi a Mapasa anaima pakhomo atafungatira kabulangeti ka mwana, akuona mapazi okha a amuna awo akusuntha kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Kumbuyoko mapaziwo anaima. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti mayiwo anayamba kuganiza kuti mwina agona.

Atatuluka anatsegula boneti, nayang'ana kabotolo kaja osakakhudza. Kenako anakhala pa sitepe ya pakhonde, nasisita malo a pambali pawo kuti akazi awo akhale.

"Utotowu mwapaka ndinu," anatero. "Manzere sangachulutse chonchi. Mwachita ngati mukupaka batala."

Mayiwo anaweramitsa nkhope pa kabulangeti kaja.

"Sindinaiwale kudontheza, mayi. Ndinasiya dala. Ndinapezeka ndagona kunsiko, chigubu chili m'manja, osadziwa ngati ndathira kapena ndikufuna kuthira. Ku mabulekiko mabotolo anali awiri, ndipo onse ankaoneka ngati olondola. Ndinaika utoto pansi. Ndinati bola pakhale poyera, wina adzaone."

"Bwanji osangondiuza, bambo?"

"Ndinafuna kukuuzani. Kawirikawiri. Tsiku lina manyazi, tsiku lina ndadzuka ndaiwala choti ndinene." Anayang'ana manja awo, akuda m'mizere ndi girisi amene sopo analephera kale kuchotsa. "Nanunso mumandibisa bwino kwambiri. Ndimasowa poyambira."

Mawu amenewo ndi amene anawalasa Mayi a Mapasa kuposa difu youma ija. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti akusenza okha katunduyu kuti amuna awo asamve kulemera, osadziwa kuti powakwirira chotero anawasiya okha m'kati mwa mantha awo, opanda woti alire naye. Anawagwira dzanja, ndipo anakhala choncho pa sitepepo, oyandikana nawo nyumba akudutsa kupita ku ntchito.

Patapita nthawi Madala anafunsa ngati Manzere anakhudza giyabokosi. Atamva kuti anaisiya, anamwetulira, nati ndiye kuti shuga uja sanapite pachabe. Anaimirira, analowa m'kachipinda kawo ka zitsulo, natuluka ndi kachitini ka utoto ndi kaburashi kake. Anati podutsa pa galaja akamusiyire Manzere, ndi wake tsopano. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa makiyi, n'kuwaika m'dzanja la akazi awo ndi kulipinda ndi manja awo onse awiri.

"Mawa mwina ndidzakufunsani kuti makiyi anga ali kuti," anatero. "Mwinanso ndidzakalipa. Musadzandipatse."

Anazungulira galimoto n'kukakhala ku mpando umene anali asanakhalepo chiyigulireni. Anavutika kupeza pomangira lamba. Mayiwo anawaika kabulangeti ka mdzukulu pamiyendo, nayatsa injini. Atanyamuka, kumbuyo sikunalirenso.

Mapiri anawapeza mvula ikuwaza. Chipembere chinakwera matope aja ndi miyendo yonse inayi osaterereka, ndipo Madala ankachisisita pa chitseko ngati akuyamika ng'ombe yokoka ngolo. Potsika phiri loyamba Mayi a Mapasa anaponda buleki, ndipo inagwira zolimba. Ataponya diso pansi cha kumbali, anaona phazi la amuna awo nalonso likuponda mwakachetechete pa kapeti, pamalo popanda buleki.